Masokosi Omwe Sanamukwane Mwana Wanga

Aulutsi, ndiwerengereni kalatayi, mwina mtima wanga upepuka.

Ndinafika ku Joni m'zaka za m'ma 1970, n'kupeza ntchito yophika m'nyumba ya azungu ku Brooklyn, kuno ku Pretoria. Kwathu ku Ntcheu ndinasiya mwana wamkazi wa zaka zinayi. Ponyamuka ndinamuyeza phazi ndi kaulusi, n'kumanga mfundo.

Adona a panyumbapo anandiphunzitsa kuluka tinsalu ta patebulo, kenako masokosi. Lachinayi masana, nthawi yathu yopuma, ndinkalukira mwana wanga masokosi omwe ndinkamutumizira kumudzi. Anzanga ankandiseka, amvekere, "Achimwene, mwamuna wamkulu ndi singano!" Ine osasamala. Chaka chikatha ndinkasuntha mfundo ija pang'ono, n'kumadzinamiza kuti ndikumuona akukula. Kumudzi sindinkapita, poopa kuti mapepala anga akandikaniza kubwerera.

Patatha zaka khumi ndi zisanu, mnzanga wochokera kumudzi anandibweretsera kalata ya mwanayo. Analemba kuti, "Abambo, musavutikenso. Masokosi anu sanandikwanepo ndi kamodzi komwe. Ang'onoang'ono aja akuvala mdzukulu wanu."

Sindinkadziwa n'komwe kuti anakwatiwa.

Anzanga muli kuno, pitani mukaone ana anu. Kaulusi kaja ndikadali nako, koma phazi lake sindikulidziwa.