Mayi Njobvu ndi mwana amene anagwada pakhomo

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1948 ku Fort Jameson, komwe lero timati Chipata, m'banja la a Miti, ndipo anabatizidwa dzina la Yosefina. Ine Luka, amene ndikuwerenga mbiriyi, ndine mlongo wawo wopondana nawo.

Sukulu anayamba mu 1956, ndipo mu 1967 analowa koleji ya aphunzitsi. Mu 1970 anamanga ukwati woyera ndi Bambo Bonifasi Njobvu. Anaphunzitsa ku Mwami zaka khumi, kenako anasamukira kuno ku Madzimoyo. Anali munthu wachangu. Ukawachezera, tiyi unkamwa mothamanga, pakuti mabuku oti achonge ankakhala akudikira patebulo.

Tsopano ndifika pa chaka chimene malemu anandilamula kuti ndisachidumphe. Pa 17 Okutobala 1991, mtsikana wa giredi 9, Monika Shawa, anawanyamulira mabuku kuchokera kusukulu mpaka kunyumba. Atawatula, anagwada pakhomo osanyamuka. Tonse tikudziwa mmene timalerera ana kuno: mwana sayamba kulankhula pamaso pa wamkulu, amadikira kuti afunsidwe. Malemu anamufunsa ngati ali bwino, iye anayankha kuti ali bwino. Anamuthokoza, namuuza kuti athamange dzuwa lisanalowe. Patapita masiku awiri, Monika anachotsa moyo wake. Chimene chinali mumtima mwake palibe akuchidziwa mpaka lero. Anaikidwa mwakachetechete, popanda nyimbo, ndipo panalibe amene anaimirira kuwerenga mbiri yake.

Kuyambira pamenepo achemwali anga sanakhalenso munthu yemwe uja. Ankati ulemu umene anaphunzitsa ana ndi womwewo unatseka pakamwa pa Monika. Tinawauza kambirimbiri kuti mtima wa mnzako ndi tsidya lina, sakanatha kudziwa. Ankangopukusa mutu.

Mu Januwale 1992, ndi chilolezo cha aphunzitsi aakulu, anayambitsa gulu la Funsa Kawiri. Lachinayi lililonse ataweruka, aphunzitsi ndi ophunzira ankakhala pabenchi limodzi, osati wina pampando wina pansi. Lamulo linali limodzi: mwana akati ali bwino, mukhazike pansi ndipo umufunsenso, chifukwa yankho loyamba ndi la ulemu chabe. Amene anapezeka atalemedwa, malemu ankawaperekeza okha kwa makolo, kwa anamwino a pachipatala, kapena kwa akuluakulu a mpingo. Ena mwa ife tinawadzudzula kuti kutchula nkhani yotereyi n'kuiitana. Ineyo ndinali mmodzi, ndipo lero ndikuchita nazo manyazi. Iwo ankayankha kuti kukhala chete kunatenga kale mwana mmodzi. Ana amene anatsegula mitima yawo pabenchi lija alipo pano, ena abereka ana awo kumbuyo. Mayina awo sitiwatchula.

Matenda a mtima anawayamba mu Ogasiti 1997. Anagonekedwa m'chipatala ku Chipata kawiri, kenako anapempha kubwerera kunyumba. Masiku awo omaliza sankalola kuti chitseko chitsekedwe masana. Mphepo ikangochigwedeza, ankatuma Bambo Njobvu kukaona ngati pali mwana wagwada pakhomo. Bambo ankapita nthawi zonse, n'kubwerako. Achemwali anatisiya Lachiwiri m'mawa, pa 10 Malichi 1998.

Pempho lawo lomaliza linali lakuti mbiri yawo isawerengedwe yokha. Mayi Martha Shawa, mayi ake a Monika, amene akhala pamphasa limodzi ndi anamfedwa, avomera. Choncho tamverani.

Malemu Monika Shawa anabadwa pa 2 Meyi 1976. Anali mwana woyamba m'banja mwawo. Ankaimba m'kwaya, ankakhoza masamu, ndipo ankafuna kudzakhala namwino. Anatisiya pa 19 Okutobala 1991, ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Anasiya mayi ake ndi abale atatu. Mbiri yake ndi yomweyi, yafupika.

Mayi Njobvu asiya amuna awo, ana anayi, Tomasi, Alfonsi, Dailes ndi Chikumbutso, ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Tikuthokoza anamwino, amayi a mpingo amene anasinthana kudwazika, adzukulu okumba manda, ndi aphunzitsi amene alonjeza kuti Lachinayi likubwerali benchi lija lidzatulutsidwa monga mwa masiku onse.

Achemwali, mbiri ya mwana wanu uja yawerengedwa. Ambuye alandire mizimu ya awiriwa, ndipo iuse mu mtendere.