Woimba Woima Kumbuyo

Pasiteji ya basi, bambo wina wa jekete lalikulu ankangotembenuza chimbale m'manja ngati chikumuotcha. Mayi amene anaima pambali pake analephera kuugwira mtima.

"Bambo, chimbale chimenecho ndiye chokomatu! Mwamvera kale?"

"Ayi mayi, ndikungoona chithunzi chapamwambachi. Mwini wakeyo ndi uti? Wamagalasi akudayu?"

"Ameneyo ndi wang'oma. Woimbayo ndi uyu ali kumbuyoyu, wanyamula mwana wa mnzakeyu."

"Aa! Ine ndimayesa wonyamula katundu. Chimbale chake chomwe, n'kukaima kumbuyo?"

"Ndi mmene alili. Ena amajambulitsa atatsamira galimoto yobwereka, iye waika anzake patsogolo. Tatsegulani kabukuko. Mwaona? Mawu a nyimbo walemba ndi dzanja lake, pomwe walakwitsa wangokhwatcha, osabisa."

"Koma kalembedwe kake, ngati papalasa nkhuku."

"Eya, koma zikuwerengeka. Ndiye taonani malaya, omwewomwewo tsamba lililonse, kolala yochita kusokerera. Munthu wotere alibe chinyengo, bambo."

"Mhm. Mnyamata ameneyutu akufuna mwana wanga wamkazi. Ndikukakumana naye lero, ndipo kunyumba ndanyamuka nditatsimikiza kuti ndikamukana. Oimba ine sindiwakhulupirira."

"Nanga pano mukuti bwanji?"

"Ndikayamba ndamumva kaye."

"Chabwino. Koma mukakamukana ndithu, mudzandiuze msanga. Nanenso ndili naye wanga kunyumba, wamaliza kumene za unamwino!"

Bamboyo analowetsa chimbale chija m'thumba lam'kati mwa jekete, n'kumanga batani.

"Pepani mayi, mwachedwa."