Talaka ya Mufilimu

Ine Atumani, mphunzitsi wa Chichewa pa sekondale ina yoyendera ku Makanjira, ndinalemba filimu ya mphindi khumi yoti ndikapikisane nayo pa mpikisano wa aphunzitsi ku boma, tsiku lotsekera lili Lolemba. Loweruka m'mawa, madamu amene ankayenera kusewera mbali ya mkazi anatumiza uthenga woti amuna awo akaniza, ndiye ndinatenga foni ndi mapepala anga n'kupita kuseri kwa nyumba, kumene akazi anga Ajira, mayi a Amida, ankatembenuza usipa pathandala.

"Mayi a Amida, ndikufuna mukhale mtengambali."

"Pa mlandu wa ndani?" Sanadzutse n'komwe mutu.

"Si mlandu. Mtengambali ndi munthu wa m'nkhani. Mufilimu yanga ija."

"Ine sinditenga mbali ndisanamve onse awiri."

"Onse awiriwo ndawalemba ndine!"

"Ndiye mlanduwo waonongeka kale."

Ndinakoka mpweya monga ndimachitira ndi ana a Fomu 2.

"Tamverani. Inu mukhala Hidaya, mkazi wa msodzi. Ine ndikhala Hafiz, msodziyo."

Apa ndiye anadzutsa mutu. Anandiyang'ana kuyambira ku nsapato zanga zopolisha mpaka pa cholembera cha m'thumba la malaya.

"Msodzi? Inuyo? Amene munasanza m'boti lili lomangirira pagombe?"

"Tsiku lija ndinali nditadya mango osapsa. Tiyeni pa nkhani. Poyambirira, Hafiz wapita panyanja mwera ukuwomba. Hidaya waima pakhomo, akulira."

"Wamira?"

"Ayi."

"Nanga akulira chiyani?"

"Akuda nkhawa."

"Kwa nthawi yaitali bwanji?"

"Tsiku lonse."

"Tsiku lonse! Iii! Alibe usipa woyanika mtsikana ameneyu? Ana ake akuwasambitsa ndani?"

"Mufilimu mkazi amalira, mayi a Amida. Ndi mmene oonera amadziwira kuti ndi mkazi wabwino."

"Nanga mwamuna wabwino amamudziwa bwanji?"

"Salira. Amayang'ana patali. Chonchi."

Ndinatukula chifuwa, n'kutsinzinako maso, n'kuyang'ana pamwamba pa mitengo ya mango. Akazi anga anatola ndodo msangamsanga.

"Ali kuti?"

"Ndani?"

"Khwangwalayo. Andimalizira usipa akhwangwala amenewa."

"Kulibe khwangwala! Ndikuonetsa chamuna!"

"Ohoo. Ndimayesa mwaona kanthu." Anaika ndodo pansi. "Koma Hafiz wanuyo, wapita bwanji panyanja mwera ukuwomba? Mwini boti wamulola?"

"Mwini boti ndi iye yemweyo."

"Mlovi wanga atangotenga boti langa pa mwera, pobwera adzapeza ntchito yatha. Si kulimba mtima kumeneko, ndi kupusa."

Ndinene pano, poti mudzamvabe kwa ena: boti la injini limene limatidyetsa pakhomo pathu ndi la akazi anga, alovi asanu amene amapita nalo kukaponya ukonde wa chilimira amamvera iwowo. Ine changa ndi njinga yakapalasa ndi dikishonale.

"Chabwino," ndinatero. "Za kulirazo tidzasenda anyezi. Tipite pachimake. Hafiz wabwerako, wamva miseche yoti Hidaya anaseka ndi wogula nsomba wa ku Limbe. Wakwiya. Akumuthamangitsa."

"Akumuthamangitsa apite kuti?"

"Kwawo."

"Panopa ali kuti?"

"Pakhomo pa Hafiz."

"Nkhaniyi ikuchitikira kuti?"

"Konkuno ku Makanjira."

"Ndiye kwawo kwa Hidaya ndi pomwe wapondapo. Malo ndi a mayi ake, mwamunayo ndi wobwera. Amuthamangitsa kuchoka kukhitchini kupita pakhonde?"

"Mafilimu onse amene ndinaonera ine, wonyamula chikwama amakhala mkazi."

"Anajambulira kuti mafilimuwo?"

"Kunja."

"Ndiye kafuneni Hidaya wa kunja. Wa kuno ali ndi amalume anayi, onse ali moyo."

"Mayi a Amida, ine ndinaphunzira zimenezi kukoleji zaka zitatu. Mwamuna akapanda kuthamangitsa munthu, filimu imakhala yopanda mchere. Imani apa. Inu musalankhule kanthu, mungochita zimene zili papepala."

Ndinatsamiritsa foni pa njerwa ziwiri, n'kudina pofiira kuti iyambe kujambula. Ndinavula nsapato kuti ndioneke msodzi. Mchenga unali wotentha, koma luso ndi luso. Ndinaloza chala kumsewu.

"Ndakusiya! Talaka! Tuluka pakhomo panga!"

"Kamodzi," anatero akazi anga, n'kupinda chala chimodzi.

"Ayi, ayi, mawu amenewo palibe papepala. Pepala likuti mugwade, mugwire mwendo wanga."

"Nanga mawu anu aja mwauza ndani?"

"Hidaya."

Anatembenuka, kuyang'ana kuthandala, kuyang'ana kubafa, kusuzumira mpaka m'khola.

"Pano ndikuona ine, inu ndi nkhuku."

"Ndipo tambala wanuyo walira pakati pa mawu anga. Tibwereze."

Ndinathamangitsa tambala, n'kudinanso pofiira. Ulendo uno ndinakweza mawu mpaka mbuzi za oyandikana nawo zinasiya kudya.

"Ndakusiya! Talaka! Tuluka pakhomo panga!"

"Kawiri."

"Kodi mukuwerenga chiyani?"

"Talaka. Mwaiwala? Tsiku la ukwati wathu a Shehe anati mawu amenewa saseweretsa. Mwamuna akawanena kwa mkazi wake katatu, ukwati wathera pompo."

"Koma wanena ndi Hafiz!"

"Pakamwapo ndi pa ndani?"

"Pakamwa ndi panga, koma mtima ndi wa Hafiz."

"Chabwino. Amalume akabwera ndi zibonga, muwauze amenye Hafiz. Msana wanuwo ungoperekeza."

Ndinaseka, ndekha. Ndinatola foni kuti ndione mmene ndatulukira. Mawu anamveka bwino, koma njerwa zija zinali zazifupi. Chimene chinkaoneka ndi mawondo anga awiri, owonda, akuvinavina chifukwa cha mchenga wotentha. Mutu munalibe.

"Tibwereze komaliza," ndinatero, ndikuonjezera njerwa zina.

"Bambo a Amida, mwamva zimene ndanena?"

"Ndamva. Koma oweruza a mpikisano sangapereke chikho kwa mawondo."

"Ndiye munenanso?"

"Wolemba weniweni sabwerera m'mbuyo."

"Mukulumbira? Wallahi?"

"Wallahi."

"Dikirani kaye."

Analowa m'nyumba. Ine ndinadina pofiira kuti akangobwera tiyambe, n'kuima pamalo panga ndikukonza nkhope yaukali. Mumtima ndinkati: aona kuti pano pali mwamuna, apita kukasintha chitenje. Anatuluka atanyamula chikwama changa chobiriwira chimene ndinabwera nacho paukwati. Anachiika pamapazi panga. Pamwamba anasanjikapo dikishonale, tayi ndi pampu ya njinga.

"Ichi n'chiyani?"

"Chikwama. Si mwati pamafunika wonyamula chikwama? Ndakuikiranimo malaya onse atatu. Lole yopita ku boma inyamuka dzuwa likafika pamutu. Kwanu ku Katuli mukafika mawa, msewu ukalola."

"Papepala sizili choncho!"

"Pepala ndi lanu, malo ndi a mayi anga. Nenani, usipa ukundidikira."

Anapinda manja pachifuwa, zala ziwiri zija zili chipindire. Nkhope yawo inali imene amaonetsa alovi akabwera ndi nkhani yoti injini yadzithyokera yokha. Ndinatukula chala kuloza kumsewu.

"Ndaku..."

"Ee?"

"Ndakusi..."

"Kwezani mawu, a Hafiz. Mbuzi sizikumva."

Pamenepo Katuli yense anandibwerera m'maso. Nyumba ya malemu mayi anga muli achemwali anga ndi ana asanu ndi mmodzi. Chipinda chimene ndinkagona ndili mnyamata anaikamo nandolo. Ndinaona alamu anga akundiyalira mphasa pakhonde, ana akufunsana kuti amalume atha liti kucheza. Ndinaganiza za mwana wathu Amida akubwera kuchokera ku madrasa masana n'kupeza pokolekera tayi pali msomali wokha. Ndinaganizanso, ndivomere, za kampango wowamba wa mayi a Amida.

Ndinangozindikira nditagwada pamchenga, manja onse awiri atagwira mwendo wa akazi anga.

"Mayi a Amida, ndipita kuti ine? Zaka khumi ndi ziwiri! Ndani angandilandire ndi dikishonale? Filimu ndi chiyani? Chikho ndi chiyani? Mapepalawo kolezerani moto, ine ndikuthandizani kupemerera!"

"Akulirayu ndi ndani, Hafiz kapena bambo a Amida?"

"Ndine! Ndine ndemwe!"

"Pakamwa ndi mtima womwe?"

"Zonse! Ndi mamina omwe!"

"Nanga ziwiri zija?"

"Ndazibweza! Ndazimeza!"

"Zimenezo mukawafotokozere nokha a Shehe Lachisanu. Mukayambire pa mtima wa Hafiz paja, ndikufuna ndikaone nkhope yawo."

Anachotsa mwendo wawo m'manja mwanga pang'onopang'ono, ngati akuchotsa nsomba mu ukonde. Anapita pa njerwa paja n'kutola foni. Apa m'pamene ndinakumbukira kuti pofiira paja sindinadinenso. Anaonera zonse ali chiimire, ine ndili chigwadire, mawu anga akulira kawiri, m'foni ndi m'khosi. Pena anagwedeza mutu movomereza.

"Eya," anatero. "Uyu ndiye mwamuna wa kuno. Uyu ndikumudziwa. Amuna onse a ku Makanjira akaonera, aliyense adzayang'ana pansi n'kumati akunena mnzake. Tumizani imeneyi."

"Imeneyo? Ana a sukulu adzaonera! Ahedi adzaonera!"

"Mutu wonse ukuoneka bwinobwino. Si zimene mumafuna?"

"Fufutani, chonde, mayi a Amida."

"Ndifufuta, poti yaonongeka pang'ono."

Mtima unakhala pansi. Ndinayamba kudzuka, ndikusasa mchenga m'mawondo. Iwo anabwezera foni pa njerwa, anaiwongola bwinobwino, n'kundiloza ndi chala.

"Mukupita kuti? Tambala analira pamene mumatchula mamina paja. Gwadaninso, tibwereze."