Kompyuta ya a Raimo Ikadali M'chikwama

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1967 ku Kajaani, chipale chofewa chikufika m'mawondo. Ine Aune, azakhali awo, ndinalipo, n'chifukwa chake mwandiimika pano ngakhale sukulu ndinangoinunkhiza. Miyendo yatopa, ndiye ndifulumira.

A Raimo Kinnunen anayamba sukulu mu 1974, ndipo mu 1986 anapita ku Oulu kukaphunzira za makompyuta. Mu 1993 anakwatira mayi Sirkka. Mmene anawafunsira palibe akudziwa, poti munthuyu pakamwa ankatsegulira khofi basi.

Kuyambira 1998 anagwira ntchito ndi olemba mapulogalamu. Akuti anthuwa akamaliza kulemba amadina batani, ntchito n'kupita kunkhokwe yakutali kudzera pakhomo lotchedwa SSH, lofuna kiyi. Khomolo likakana, pulogalamu yamabataniyo imangofiira n'kunena kuti zakanika, osatchula chifukwa. Apo onse ankathamangira kwa malemu. Iwo ankausa moyo n'kufunsa zomwezomwezo: “Kiyi mwailowetsa? Kapena pulogalamuyo ikupisa m'thumba lina? Siyani mabataniwo, tsegulani zenera lakuda lolembamo malamulo lija, ndi lokhalo silinama.” Anafunsa choncho mpaka imvi. Ena mwa ofunsidwawo ndikukuonani, mwakhala pafupi ndi keke.

Mu Okutobala 2023 anawapeza ndi khansa ya kapamba, ndipo mu Januwale anagonekedwa. Anadziwa kuti sadzuka. Chimene ankafuna chinali chimodzi, kukatsirizira kwawo, koma adokotala anakana poti thupi linali litafooka.

Tsono intaneti ya pachipatalapo inkatseka khomo lija. M'mawa uliwonse malemu ankatsegula kompyuta, kudina batani, n'kuwaonetsa adokotala kufiira kuja. “Mwaona? Ntchito ya anthu yatsekeredwa muno. Kunyumba kokha ndiko imadutsa.”

Tsiku lina kunabwera a Tapio, anzawo a kuntchito. Atasuzumira anati, “Aa akulu, inuyo? Lumikizani pa intaneti ya pa foni yanu, zipita pompano!” Malemu, amene supuni inkawalemera, anawatsina pantchafu mpaka kudumpha. “Tapio, wabwera kudzazonda kapena kudzandigulitsa?” Ine ndinamva msanga. Ndinawatsata adokotala mpaka kukhonde n'kuwauza kuti kampani yonse igwa, ana agona ndi njala. Abusa, mundikhululukire pompano tisanamwe khofi. Adokotalawo anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndikuganiza kuti ankadziwa kuti ndi bodza, koma nawonso anali atatopa. Anasaina kalata yowatulutsa.

Pa 2 Febuluwale malemu anafika kwawo. Anakhala pampando wa pazenera, mayi Sirkka pambali, galu kumapazi, akuonera mbalame zikulimbirana mbewu pachipale. Kompyuta ija sanaitulutse n'komwe m'chikwama. Anatisiya pa 5 Febuluwale 2024, ali pampando womwewo.

Asiya akazi awo mayi Sirkka, ana awiri, a Outi ndi a Jarmo, mdzukulu Venla, ndi nkhalamba ino imene inkayenera kutsogola. Banja likuthokoza anamwino amene ankabwera kunyumba, adokotala aja, abusa, ndi amayi amene aphika msuzi wa nsombawu.

A Tapio, chikwama chili kuseri kwa chitseko, mukachitenge mukadine nokha. Kompyutayo ikafiira musaimbire foni mayi Sirkka. Amene munkawathamangira aja aweruka.

Mzimu wa a Raimo uuse mumtendere.