Khadi Langa la Msonkho Linapita ku Limbe ndi Amalume

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Abusa, akulu a mpingo, amayi athu kumbuyoko, ndakulonjerani nonse. Dzina langa ndine Edisoni, kwathu ndi kufupi ndi Nkhudzi. Ndichenjezeretu: nkhani iyi ndikamainena mawu amakwera. Musadabwe ayi. Yesu anandipulumutsa, inde, koma ndikaikumbukira ukali umabwerabe.

Ndili mnyamata, ndevu zikungoyamba kumene, ndinapeza ntchito pa hotela ina ya m'mbali mwa nyanja. Kutsuka mapoto ndi kupala mamba a chambo. Musaseke! M'mudzi mwathu monse wolandira pa mwezi ndinali ndekha. Mayi anga ankayenda mutu uli m'mwamba.

Ana a lero simukudziwa. Nthawi ya chipani chimodzi ija mwamuna ankayenda ndi mapepala awiri, khadi la chipani ndi khadi la msonkho. Ife a pa ntchito ankatidula pa malipiro mwezi ndi mwezi, kalaliki n'kumata sitampa pa khadi. Chaka changa choyamba chitatha, khadi litadzaza, kalaliki wa pa hotela anandiitana. Anati, "Ili upite nalo ku boma, ku ofesi ya msonkho, akakudindire ndi kukulemba m'kaundula. Ukalitaya, zako izo." Ndinalikulunga m'pepala la shuga n'kuliika m'thumba la malaya. Msonkho wanga woyamba, abale. Thukuta langa. Ndinkalitulutsa ngakhale pamene palibe wandifunsa.

Kulionetsa kumeneko ndi kumene kunandipweteketsa. Amalume anga a Layisoni, mlongo wawo wa mayi anga, mwini mbumba, analiona. Iwo anali msodzi, ndipo msonkho anali asanakhomepo kwa zaka. Amesenjala a msonkho akangotulukira pa doko, iwo bwato m'madzi, nkhafi m'manja, uyo! Koma ulendo uno anali ndi matumba a usipa wouma ofuna kukagulitsa ku Limbe, ndipo pa msewu palibe bwato lothawirapo. Powoloka Shire ankafunsa makhadi.

Amalume anabwera kwathu masana, nakhala pa khonde. Sanapemphe ayi. Anangotambasula dzanja. "Bweretsa kapepala kakoko. Palibe chithunzi pamenepo. Masiku anayi ndabwera."

Ndinati, "Amalume, ili ndiyenera kukalipereka ku boma sabata ino."

Mayi anga anandiyang'ana diso limodzi lokha. Inu a kuno mukudziwa. Bambo ako ukhoza kuwayankha, koma malume? Malume ndi amene adzakukhalire pa ukwati, ndi amene adzakuyankhulire pa mlandu, ndi amene adzaloze pokumba manda ako. Ndinapereka. Ndi manja awiri, nditagwada. Ndinagwadira munthu wondilanda!

Tsiku lachitatu anandituma ku msika kukagula tomato wa ku khichini. Ndikuwerama kusankha, ndinangomva mluzu. Amesenjala atseka njira zonse. "Amuna onse khalani pansi! Makhadi m'manja!" Ndinati ine ndimagwira ntchito, msonkho wanga ndi wodzaza. Anati lionetse. Ndinati lili kunyumba. Anandiperekeza mpaka kunyumba, ndikufunafuna chinthu chimene ndikudziwa kuti kulibe, ndikukweza mphasa, ndikuvundukula miphika ngati wamisala. Anandimanga chingwe m'chiuno pamaso pa mudzi wonse. Ine wolipira! Othawa msonkho enieni ali phee m'bango, akundisuzumira.

Ku boma anatitsekera kuseri kwa ofesi, masana tikutchetcha udzu ndi kukumba zimbudzi. Ndikanangonena kuti khadi lili ndi amalume, mwina bwenzi zanga zitapepuka. Koma amesenjala akanawadikira amalumewo pa msewu, kuwalanda katundu, kuwatsekera. Mayi anga anabwera ndi mbatata yophika. Ndinkaganiza kuti abwera kudzandilirira. Anayandikira pa waya n'kunong'ona, "Mwananga, usawatchule amalume ako. Chibale ndi fupa, sichiola."

Fupa! Fupa lake liti? Amene ankaola m'menemo ndi nsabwe anali ndani?

Sindinawatchule. Masiku anayi aja anakwana, zii. Sabata, zii. Masabata awiri, zii. Abale, masabata atatu! Munthu uja usipa anagulitsa tsiku lachiwiri lomwe. Masiku otsalawo ankayendayenda m'tauni ndi dzina langa m'thumba, akumwa tiyi wa mkaka. Anabwera ndi wailesi ndi jekete. Khadi anapatsira mayi, likununkha nsomba, litapindika ngati tsamba la fodya. Mayi analibweretsa ku ofesi, nati lapezeka pa denga. Kalaliki wa mu ofesimo analidinda, ine n'kutuluka.

Ndinathamangira ku hotela. Kapitawo wa ku khichini sanandilole ngakhale kulowa. "Mapoto sadikira munthu. Ndiponso womangidwa chingwe pa msika sitimusunga pano." Ntchito inathera pomwepo, pa geti.

Ndinafika kumudzi, amalume ali pansi pa mtengo, wailesi ikulira, anthu awazungulira. Mukudziwa chimene ananena? Mukudziwa? Anaseka nati, "Iwenso ndiwe wopusa. Mluzu ukulira, mwamuna amathawa." Anthu onse gwa, kuseka. Pepani sanatuluke pakamwa pawo. Mayi anati ndikawapatse moni wa ulendo.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasanduka chinthu china. Kachasu m'mawa, kachasu masana. Kutchalitchi ndinasiya. Ndinkati Mulungu ngati alipo ndi malume nayenso, amangotambasula dzanja. Andikhululukire, koma ndinanena. Wailesi ija ikalira kutsidya kwa mpanda, ine chakudya sichinkatsika. Miyezi isanu ndikudya mkwiyo. Mwezi wachisanu ndi chimodzi ndinavala malaya, ndinakwera lole ya nsomba, ulendo ku boma. Ndinati lero ndikamupereka.

Mu ofesi ya msonkho munali kalaliki wachikulire, a Mbewe, kwawo ku Dowa, yemwe uja anadinda khadi langa. Ndinawauza zonse. Kuti amalume sakhoma msonkho. Kuti anayendera khadi langa. A Mbewe anamvetsera, nati, "Zamveka. Tidzawaitana, adzalipira faindi."

"Faindi basi?"

"Basi. Lamulo lake ndi limenelo."

Abale, apa ndi pamene Satana anandikhala pa lilime. Faindi? Munthu wa khoka lake, faindi ndi usipa wa tsiku limodzi! Ine ntchito yapita, ulemu wapita. Ndinamva pakamwa panga pakutuluka mawu amene sindinachoke nawo kunyumba. Ndinati, "Si zokhazo. Khadi la chipani anang'amba, anapichirira fodya. Anati boma ili ndi la akuba."

Bodza. Bodza lamkunkhuniza. Amalume khadi la chipani ankalisunga kuposa ana awo.

Akuluakulu muli muno mukudziwa kulemera kwa mawu amenewo m'masiku aja. Sankafuna mboni. Galimoto inkangobwera. Ena ankabwerako patapita zaka, mano atatha. Ena mpaka lero. Ndipo ine ndinkadziwa. Ndisakunamizeni kuti ndinali mwana. Ndinkadziwa, ndipo ndi chimene ndinkafuna.

A Mbewe anadzuka, natseka zenera, pakuti pa khonde panali mesenjala. Anakhalanso pansi, natenga pepala loyera, nagwira cholembera m'mwamba osachigunditsa. Anayankhula motsitsa kwambiri. "Mnyamata, makutu anga ndi okalamba, sindinamve bwino. Ukabwereza, ndilemba. Ndiyenera kulemba, chifukwa ndikapanda kulemba wopita ndine, ndipo nanenso ndili ndi ana. Ndikalemba, pepala ili silifufutika. Koma usanabwereze, undiuze: amalume akowo ali ndi ana angati?"

Ndinati asanu ndi mmodzi.

"Atchule maina."

Ndinapsa mtima. Ndinati sindinabwerere zimenezo. Anati, "Atchule. Ndikufuna ndidziwe amene tikuwalembera."

Ndinayamba mwaukali, ngati ndikulavula. Woyamba. Wachiwiri. Wachitatu, amene tinkawedza naye mbuna pa miyala. Wachinayi. Pofika wachisanu ukali uja unayamba kutha. Wotsiriza anali wakhanda, ndipo dzina lake anamutcha ndi mayi anga. Dzina limenelo linakana kutuluka. Linakana, abale! Cholembera chili m'mwamba, chikundidikira. Ine thukuta kamukamu. Ndinayesa kutsegula pakamwa kuti ndibwereze bodza lija, chimene chinatuluka ndi kulira. Kulira kwa mwana, mamina ndi misozi, pa tebulo la boma.

A Mbewe anabweza pepala lija m'dirowa lili loyera. Anati, "Tipemphere." Anapemphera maso ali otsegula, akuyang'ana chitseko. Pemphero lake linali lalifupi. Anati, "Ambuye, mwana uyu anamulakwira, ndipo Inu munaona. Musalole kuti asanduke wakupha." Basi. Palibe munthu anali atanenapo kuti ndinalakwiridwa. Mayi ayi, mudzi ayi. Munthu wa ku Dowa, mlendo, ndiye anayamba kunena, ndipo ananena kwa Mulungu ine ndikumva. Yesu ndinakumana naye pamenepo, pakati pa mabuku a msonkho. Aleluya!

Ndinabwerera kumudzi, ndinapita molunjika pa khonde la amalume, mayi ali pomwepo. Sindinagwade. Ndinati, "Zimitsani wailesi." Anazimitsa. Ndinawauza kumene ndachokera, ndi mawu amene ndinanena, ndi chimene chinatsala pang'ono kuchitika. Ndinati, "Munandilakwira, amalume. Inenso ndakulakwirani koposa. Zanga ndalapa." Mayi anagwira pakamwa. Amalume anayang'ana pansi. Kenaka anadzuka n'kulowa m'nyumba.

Mukudikira kuti ndinene kuti anapepesa? Sanapepese. Mpaka kumwalira sanapepese! Ndipo ndisabise pamaso pa Mulungu, zimandiwawabe. Faindi ija anakalipira okha, osadikira kuitanidwa. Patapita sabata anatumiza mwana wawo wamkulu kudzandiuza kuti m'bwato muli malo. Kupepesa kwa amalume kunathera pamenepo, ndipo ndinaphunzira kukulandira monga kunalili.

Lero ndine msodzi wokalamba. Kachasu ndinasiya chaka chomwecho. Ndili ndi mkazi mmodzi, ana, zidzukulu, ndi bwato limodzi lodontha. Ku hotela sindinabwererenso. Ukali ulipo, akazi anga ali apowa angakuuzeni, koma tsopano ndimaudziwa kumene umapita ukausiya.

Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha a Mbewe, amene sindinawaonenso. Ndikuthokoza chifukwa cha dzina lija limene linakana kutuluka. Amalume anakhala zaka zambiri pambuyo pake, mpaka maso anachita khungu. Pa matenda awo otsiriza wowatembenuza ndi kuwasambitsa ndinali ine. Munthu amene ndinakamupereka kuti akafere kosadziwika anafera m'nyumba mwake, pa mphasa yake, ana ake onse asanu ndi mmodzi atamuzungulira. Manda ake tikuwadziwa pamene ali.

Umboni wanga ndi umenewo, abale. Ambuye alemekezeke. Amen.