Majuzi asanu ndi awiri a malemu a Sipanala

M'banja mwathu simunafepo munthu ndi ngongole. Wonena izi ndi mng'ono wa malemu, amene anayamba ndi wilibala yobwereka, lero ali ndi malole oponda mayiko asanu ndi anayi. Waona anthu osunga mawu m'madoko ndi m'mizinda yogwa chipale chofewa, koma wofanana ndi amene agona m'bokosimu sanamuone.

Malemu, amene tonse tinkawatcha a Sipanala, anabadwa m'chaka cha 1951 m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa siteshoni ya sitima. Anali oyamba mwa ana anayi. Sukulu analekeza panjira bambo athu atamwalira, nalowa pagalaja ngati wotsuka mabawuti. Pamenepo anakhalapo zaka makumi anayi, mpaka kukhala mkulu wa amakaniko. Lole yoyamba ya mng'ono wawo inali chiphapha chogonamo nkhuku. Anaiukitsa ndi iwowa, osalandira kanthu.

Mu 1976 anakwatira alamu athu, mayi woluka. Loweruka lililonse masana, pakhonde pawo pankadzaza amayi anzawo, aliyense ndi singano ndi mpukutu wa ulusi, kuluka uku akuseka. Malemu ntchito yawo inali kutambasula manja kuti akazi awo apombe ulusi, ndipo ankadandaula kuti asandutsidwa mpando. Kumpingo anali osamalira nyumba ya mapemphero; belu likasweka, ankawotcherera okha.

Alamu analonjeza kuti mdzukulu aliyense adzayamba sukulu atavala juzi la agogo ake. Analuka anayi. Mu 2018 anamwalira juzi lachisanu lili pasingano, mdzukulu wachisanu ndi chiwiri akadali m'mimba.

Maliro atatha, amayi aja anabwera kudzatenga ntchitoyo kuti aimalize. Malemu anakana. Anati ngongole ya mkazi salipira anansi mwamuna ali moyo. Loweruka lotsatira anakhala pakati pawo, zala zakuda ndi girisi wa zaka makumi anayi, nkupempha kuti awaphunzitse. Amayiwo sanawanyengerere. Juzi loyamba kutuluka m'manja mwa malemu analitcha thumba la mbatata, nawamasulitsa kawiri. Anzawo a kugalaja ankafunsa ngati agula kale diresi. Mng'ono wawo, poona chitonzocho, anawabweretsera katoni yathunthu ya majuzi ochokera kunja, ofewa ngati nthenga. Malemu anayang'ana, nayamika, nkunena kuti: “Achimwene, akazi anga sanalonjeze za m'sitolo.” Katoniyo inapita kwa ana amasiye.

Juzi lachisanu linatha, lachisanu ndi chimodzi linathanso, ndipo amayi omwe ankawaseka anayamba kuwafunsa mmene amapindira khosi.

Chaka chatha malemu anagwa pakhomo ndi matenda ofa ziwalo. Mkono wamanzere unafa, pakamwa panapotoka. Mng'ono wawo anawatengera kwa madokotala odula kwambiri, ndipo onse anapukusa mitu. Apa nkuti mdzukulu womaliza, mtsikana, atatsala miyezi yochepa kuyamba sukulu.

Malemu anali ndi juzi lobiriwira limene akazi awo anawalukira chaka cha ukwati. Ana onse ankadziwa kuti ndi limene anasankha kudzaikidwa nalo m'manda. Tsiku lina mwana wawo wamkazi anawapeza atalivula, akulimasula ndi mano ndi dzanja limodzi, ulusi uli mbwee pabedi. Analira, poganiza kuti mutu wasokonezeka. Iwo anafotokoza movutikira kuti adzukulu ena onse agogo awo anawanyamulapo, koma uyu yekha sanamukhudze. Tsono avale ulusi umene unadutsa m'zala za agogo akewo.

Anaitanitsa vayisi ya kugalaja, chida chopanira zitsulo chija, naimangitsa pathebulo la pambali pa bedi. Singano imodzi inagwidwa ndi vayisi, ina ndi dzanja lotsalalo. Mzere umene kale ankaluka madzi asanawire, tsopano unkawatengera m'mawa wonse. Malungo atalowa m'chifuwa, amayi a Loweruka anagwada kuwapempha kuti awalole kumaliza manja a juzilo. Malemu anatembenukira kukhoma. Ankanjenjemera m'bulangeti, akukhosomola, singano ili m'manja.

Anamanga mfundo yomaliza Lamulungu. Lachiwiri m'mawa anatisiya, ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zitatu.

Lero agona mu suti imene mng'ono wawo anawagulira kunja, yomwe ali moyo ankati imawayabwa. Atikhululukire, juzi lawo palibe.

Malemu asiya ana atatu, amuna awiri ndi wamkazi mmodzi, adzukulu asanu ndi awiri, mlongo mmodzi, mng'ono mmodzi, ndi amayi a pakhonde, amene Loweruka likubwerali apeza mpando wopanda munthu.

Anamfedwa nonse, yang'anani kutsogolo kuno. Kamtsikana kali pafupi ndi bokosiko kavala juzi lobiriwira, mkono umodzi wautali kuposa unzake. Munthu asadzaukonze. Ngongole inali majuzi asanu ndi awiri, ndipo abwezedwa asanu ndi awiri, osapereweza.

Akulu anga apite akauze alamu kuti zatha. Apumule mu mtendere.