Njinga Yogula ndi Mbuzi Zanga

Omvera anzanga, ndine mayi wa ku Dedza. Boma litatumiza amuna anga ku Mzuzu pa ntchito ya ukalaliki, anati moyo wa m'tauni ndi wodula, choncho tikakhale ku Ekwendeni, iwo azipalasa njinga popita kuntchito. Ndinagulitsa mbuzi zanga n'kuwagulira njingayo.

Mvula itayamba anati, "Mayi, matope achuluka, ndizigona kwa mnzanga ku Msongwe." Mvula inatha, iwo osabwerera.

Ndinawalondola, mwana ali kumsana, ndipo ndinawapeza pamsika. Pakaliyala pa njinga ija anali atamangapo kapilo, patakhala mkazi wina. Mkaziyo anandipatsa moni mwaulemu, "Monire, mama," osadziwa kuti ndine yani.

Ndinabwerera ku Ekwendeni wapansi. Amayi anzanga, nyumba yotchipa inandithetsera banja. Ndipo njinga imeneyo ine sindinaikwerepo ngakhale kamodzi.